Khosi la Abiti Mdoka

Anabwera pa kabaza kuchokera kwa Chimwala
Lachiwiri, dzuwa lisanakalipe,
kabuku ka kuchipatala kali m'jumbo ya shuga,
n'kukhala pa benchi ngati mlendo,
ngati si iwo anandibala.

"Chala chachikulu ndi chamkombaphala
zachita dzanzi," akutero,
"singano ikumandipulumuka."
Akutambasula dzanja kuti ndilione.
Ine ndikuti: Amayi, masulani mpango,
mlanduwu suli m'dzanja, uli kumtunda.

Ndikuyamba kunkhongo, pothera tsitsi.
Mafupa asanu ndi awiri, osanjikizana
ngati mbale pa thandala.
Loyamba limasenza chigaza, ndilo limavomera.
Lachiwiri lili ndi kadzino, ndilo limakana.
Lachiwirilo ndimalidziwa bwino:
linakana mwamuna wamalonda wa ku Namwera,
linakananso kuti ndisiye sukulu chaka cha njala.

Ndikutsika, chala chikuwerenga.
Pakati pa lachisanu ndi lotsatira
akuti, "Iii, pomwepo!"
Apa mpata wachepa, fupa lamera milomo,
likupana mtsempha woyera ngati ulusi
umene umadzera m'phewa, n'kupitirira chigongono,
n'kukathera ku zala zosokera zija.

Buku la aphunzitsi athu limati ndi ukalamba.
Bukulo silinaone ndowa ya pa mjigo,
silinaone beseni la tomato
likuwoloka mlatho wa Shire mbandakucha,
njerwa za mzikiti, makumi awiri pa ulendo,
mtolo wa mlaza, thumba la mpunga wonyowa.
Fizi yanga yonse inadutsa apa,
kuchoka pa nkhata,
kutsika mafupa awa limodzilimodzi.

Ndikuwatembenuzira kumanzere.
Mnofu ukutumphuka ngati chingwe cha ngolo
kuchokera kuseri kwa khutu mpaka pachifuwa.
M'mphepete mwake ndikuika zala ziwiri:
gu, gu, gu.
Ameneyu ndi wokwera, wopititsa magazi ku ubongo,
sadziwa Sabata, sadziwa Ramadani.
Pambali pake pali mnzake wotsika,
wofewa, wosalankhula,
ngati amayi awiri opatukirana panjira ya kumsika,
wina katundu ali pamutu, wina beseni lili m'khwapa.

Mezani malovu, Amayi.
Kholingo lakwera, latsika.
Chithokomiro chagona phee, gulugufe wa pansi pa khungu.
Palibe mwanabere.

Koma kulinso kamtsempha kamene chala sichingafike.
Kamachoka m'mutu,
kulambalala kholingo osapereka moni,
kutsikira m'chifuwa,
kuzungulira pansi pa mtsempha waukulu wa mtima,
kenaka n'kubwerera kumtunda
kudzagwedeza mawu.
Tsiku la mayeso ndinati njira yopusa iyi,
munthu angapite ku Malindi kudzera ku Liwonde?
Lero ndili chete.
Mawu onse amene anatuluka pakhosi pano,
ngakhale aja ondikalipira pa chitsime,
ankayamba adzera kumtima.

"Musamasenzenso zolemera," ndikutero, ndikulemba mankhwala.
Akuseka, mtsempha wotsika uja n'kutupa pang'ono.
"Ndiye madzi aziyenda okha?"
Akumanga mpango.
Za kukhosi kwanga zakakamira pomwepo,
palibe dzina lake m'buku.

Pakhomo anasiya kamtolo:
chinangwa, nthochi, matemba a m'Malombe,
zonse akuti ndi zanga, kamba wa mwana wa pa ntchito.
Akuwerama kuti anyamule.
Ndikuwatsogola.

Nkhata yawo ikadali yofunda.
Ndikudutsa pakhonde la wodi ya abambo
nditavala gauni woyera,
anamwino asiya kulemba, akundiyang'ana,
mlonda Che Twaibu wagwira pakamwa.
Khosi langa loiwala likunjenjemera,
mafupa asanu ndi awiri akufunsana.
Kumbuyo kwanga, mawu odzera kumtima aja:
"Wongoka. Chibwano m'mwamba.
Usayang'ane pansi, njira ukuidziwa."